Apongozi akuimba osapuma, gitala yatsalira m'mbuyo

Aphungu,

Pepani ngati kalatayi ikhala yokhotakhota. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, ndipo aka n'kachitatu kuilemba. Ziwiri zoyambazo ndinang'amba poopa kuti mundiseka. Kenako ndinaona kuti kusekedwa ndi inu n'kwabwinoko poyerekeza ndi zimene zikundidikira Lamlungu la sabata yamawa.

Ine ndimakonza mawailesi ndi masipika m'kashopu kanga kuseri kwa msika. Anzanga amanditchula kuti a Loko. Ndikatseka shopu ndimayenda mpaka pa mphambano, n'kubwerera kukagwedeza loko. Ndikafikanso pa mphambano paja ndimayamba kukayika ngati ndagwedezadi kapena ndikungokumbukira za dzulo. Akazi anga amati ndikanabadwa nkhuku, mazira onse ndikanawaphwanya ndi kuwatembenuza.

Chaka chatha munthu wina amene anali ndi situdiyo anasamuka, ndipo anandisiyira laputopu yakale, maikolofoni imodzi ndi mahedifoni. M'laputopumo muli pulogalamu yojambulira nyimbo. Zolembedwa zake zonse n'zachingerezi, ndiye ine ndimayendera zithunzi. Ukajambula mawu, amagona pa mzere wawo kuchokera kumanzere kupita kumanja, akuoneka ngati minga ya nsomba. Ukajambulanso china, chimagona pa mzere wina pansi pake. Pali kasizasi kodulira, kagalasi kokulitsira, ndi kamuvi kokhota kamene kamakubwezera m'mbuyo ukalakwitsa. Kamuvi kameneka ndinkakakhulupirira kuposa abale anga ena.

Apongozi anga aamuna anayendetsa malole zaka makumi atatu. Ali ndi gitala yawo ndi nyimbo zopeka okha. Miyezi iwiri yapitayo adokotala anawauza kuti pakhosi pawo pali chotupa chofunika opaleshoni, ndipo mwina mawu sadzabwereranso. Kutatsala masiku atatu kuti akagonekedwe, ndinangoona atulukira pa shopu, gitala ili kumsana, apongozi aakazi ali pambuyo ndi ambulera. Chikwatirireni mwana wawo anali asanapondepo pa shopu panga. Ndinaimirira msangamsanga mpaka ndinagunda mutu pa shelefu.

"Akamwini," anatero, "ndamva kuti muli ndi makina osunga mawu. Sungani angawa asanawatenge anthu a mipeni aja."

Ankafuna nyimbo imodzi yokha, imene anapekera apongozi aakazi pamene ankawafunsira. Ndi ya mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinapempha wowotcherera zitsulo wa kuseri kwathu kuti ayambe wapuma, n'kutseka chitseko. Poti maikolofoni ndi imodzi, tinayamba ndi gitala yokha, ndipo inagona pa mzere wachikasu. Kenako ndinabwerera kumayambiriro kwenikweni, ndinayang'ana katatu kuti pali pa ziro, n'kuwaveka mahedifoni kuti aziimba akumva gitala yawo. Anakana kuimba manja ali lende.

"Ndiimbe nditaima chilili ngati mboni m'khoti? Ndipatseni mkazi wanga wachiwiriyo."

Ndiye anakumbatira gitala, ine n'kukulunga nsambo zake ndi thaulo kuti zisalire. Mawu awo anagona pa mzere wobiriwira.

Chapakati pa nyimboyo pali pamene amati anaona mtsikana ataima pa siteji ya basi atavala diresi loyera. Apongozi aakazi anali atakhala pa benchi pakati pa mawailesi akufa. Atangomva zimenezo anayankha mokweza kuti, "Bodza! Linali lofiira. Wa loyerayo mufotokoze bwino kuti anali ndani." Akuluwo anaseka m'kati mwa liwu, koma sanaime. Atamaliza anavula mahedifoni n'kunena kuti, "Ndi yomweyo. Kachiwiri kulibe."

Opaleshoni inayenda bwino, tikuthokoza. Ali kunyumba, akudya, akuyenda. Koma mawu anapitadi. Kwatsala kunong'ona, ndipo nakonso kumawapweteka, choncho amalemba m'kabuku.

Aphungu, nyimbo ija inali bwinobwino. Ndikanangoisiya. Koma tsiku lina masana kunalibe makasitomala, ndipo ndinavala mahedifoni. Asanayambe ndime yachiwiri ndinawamva akukoka mpweya, ukulira kuti fyoo ngati tayala lobooka. Mtima unandiuza kuti anthu akadzamva pamenepa adzamva matenda osati nyimbo, ndipo akuluwo adzachita manyazi. Ndinatenga kagalasi n'kukulitsa malowo. Kasizasi uku, kasizasi uko, fufutu. Panayera. Ndinasangalala ngati ndine ndachiritsa munthu.

Koma mpweya umenewo utachoka, unayamba kumveka wina umene poyamba sindinkaumva. Nditachotsa umenewo, unatulukira wina. Mzere wa gitala ndinautseka pakamwa kuti ndizimva bwino zinyalala za pa mzere wa mawu. Ndinakulitsa, n'kukulitsa, mpaka sekondi imodzi inadzaza sikirini yonse. Masabata atatu ndinakhala m'kati mwa masekondi ngati nyerere yoyenda pa mkeka, yosadziwa kuti mkekawo ukuthera pati. Ndinachotsa mpweya, kumeza malovu, kulira kwa milomo, ngakhale kukhosomola kwa wodutsa panja. Nditapitirira zana ndinasiya kuwerenga. Mawailesi a anthu anangounjikana pa tebulo. Nditafika pa diresi paja ndinati, apa amayi anasokoneza ntchito. Ndinawadula, pamodzi ndi kuseka kwa akuluwo ndi theka la liwu limene anasekeramo.

Madzulo alionse ndinkaseva katatu, kusunga zonse zimene ndasintha, ndisanazimitse, monga mwa khalidwe langa. Ndipo masabata onse atatuwo sindinamvereko nyimbo yonse kuchokera poyamba. Ine amene ndimagwedeza loko katatu!

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pamwamba pali kabatani kena kamene kanali koyaka. Kakayaka, ukadula chinthu, zonse za kumanja zimasendera kudzatseka mpata. Ndiye nthawi iliyonse imene ndinkachotsa mpweya, mawu ankafupika pang'ono, pamene gitala inali chigonere pa mzere wake.

Lachiwiri lapitali ndinati ntchito yatha. Ndinalumikiza sipika yaikulu, ndinatsegula mzere wa gitala, n'kuitana mayi wosoka zovala wa khomo loyandikana nane kuti akhale woyamba kundiyamikira. Ndinawapukutira ndi benchi yomwe.

Poyamba mawu ndi gitala zinanyamukira limodzi. Pofika mzere wachitatu wa nyimbo, apongozi anayamba kuithawa gitala. Ankaimba ngati munthu amene agalu ali pambuyo pake, liwu pamwamba pa linzake, osapuma n'kamodzi komwe. Anamaliza nyimbo yonse, gitala n'kutsala ikulira yokha kupitirira mphindi yathunthu.

Atelala aja anayang'ana sipika, n'kuyang'ana ine. Kenako anati, "A Loko, akuluwa akuthamangira basi ya kuti?" Anapendeketsa mutu n'kuwonjezera kuti, "Nanga bwanji sakupuma? Pajatu munthu wosapuma timamufunditsa nsalu."

Ndinathamangira kamuvi kanga kokhota kaja. Kanali katatuwa, kosadinika. Kani kamakumbukira zokhazo zimene wachita chitsegulire pulogalamu tsiku limenelo. Za masabata atatu kanali kataiwala, ngati mboni yodyetsedwa.

Ndinayesa kukoka tizidutswa kamodzikamodzi kuti tibwerere m'malo mwake. Tilipo toposa zana ndipo timafanana ngati ana a nkhuku. Tiwiri titatu ndinatisemphanitsa, moti tsopano akuluwo akukwatira mtsikana uja asanamuone pa siteji.

Ndinaganiza zonena kuti laputopu yabedwa. Koma ndani angakhulupirire kuti wakuba walowa pa loko wanga? Kenako ndinaganiza zobwezera mpweya ndekha. Ndinadzitsekera m'shopu, ndinatsegula mzere wachitatu, n'kuyamba kupumira pa maikolofoni, wautali, waufupi, wa fyoo. Nditajambula ngati makumi atatu, atelala anagogoda mwamphamvu akufuula kuti, "A Loko, limbani mtima, ndaitana galimoto!" Zinanditengera nthawi kuti ndimubweze dalaivalayo.

Pofufuza chondipulumutsa ndinadina apa ndi apo, mpaka panatuluka kabokosi kokhala ndi chithunzi cha tsache. Atelala anandiwerengera. Akuti kakufunsa ngati kachotse mawu onse amene sakugwira ntchito m'nyimboyi, kuti mupezeke malo. Pansi pali inde ndi ayi. Ndinawafunsa kuti ndidine pati. Anati, "Ine ndachita mbali yanga ya kuwerenga, zodina n'zanu." Kunena zoona, tsachelo likundikopa. Mwina likasesa, nyimbo ikhala m'malo. Koma mwinanso ayi. Ndiye lero ndi tsiku lachisanu laputopu ili chiyakire pa chaja, kabokosi kali pomwepo, ndaifunditsa thaulo lomwe lija. Loko tsopano ndikugwedeza kasanu.

Vuto lalikulu ndi ili. Akazi anga anauza kale abale onse kuti Lamlungu la sabata yamawa tikakumane kwa apongozi kukamvera nyimbo. Alamu anga ena akuchokera kutali. Dzulo tinapita kukazonda akuluwo. Anandikodola, n'kulemba m'kabuku kuti, "Mawu anga ali bwanji?" Ndinati, "Ali bwino, bambo, ndikungowapukuta pang'ono." Analembanso kuti, "Musawapukute kwambiri, angasuluke." Ndisanameze n'komwe malovu, apongozi aakazi akuthira tiyi anati, "Ine ndikudikira paja ndinawagwira bodza la diresi. Ana onsewa amve okha."

Akazi anga sindinawauze. Koma pobwerera anandiyang'ana m'mbali n'kunena kuti, "Mwaonda, a Loko. Mwaiwala kutseka chiyani?"

Aphungu, munthu anandisungitsa chinthu chimodzi chokha chimene sangapangenso, ine n'kuchiwononga ndi ukhondo. Ndidine inde kapena ayi? Ndiulule kapena ndidwale Lamlungulo? Kudwalako sikungandivute, ndayamba kale.

L. W., kuseri kwa msika

A Loko,

Kalata yanu ndaidumphitsa mzere chifukwa cha kabokosi kaja. Musanawerenge zina, pitani mukavundukule thaulo, mudine ayi. Ayi, osati inde. Mukatero bwerani tikambirane.

Ine za makompyuta ndimadziwa kuyatsa ndi kuzimitsa basi. Choncho kalata yanu ndinapita nayo kwa mayi wina amene wakhala zaka zambiri akujambula makwaya. Anaseka mpaka kupukuta misozi, koma osati chifukwa choti ndinu opusa. Anati, "Aliyense amene anagwirapo kagalasi kameneko anamirapo. Ine ndinamira ndi kwaya ya anthu makumi anayi." Kenako anandiuza chimene chikhazike mtima wanu pansi.

M'mapulogalamu ambiri otere, kasizasi kaja sikadula mawu enieni. Funsani atelala anu kusiyana kwa kupinda mpendero ndi kudula nsalu. Inu masabata atatu onsewa mwakhala mukupinda. Mawu a apongozi anu, ndi mpweya wawo wonse, ndi diresi lofiira, ayenera kuti ali athunthu m'fayilo imene inajambulidwa tsiku lija. Chimene chimadula nsalu zenizeni ndi tsache limene likukukopanilo, chifukwa “mawu osagwira ntchito” amene likufuna kusesa ndi omwe aja munapinda. Mukanadina inde, bwenzi ndikukulemberani chipepeso. Masiku asanu amene mwakhala mukuzengereza ndi nthawi yoyamba imene mantha anu akugwirirani ntchito yolipidwa.

Tsopano chitani izi, mwa ndondomeko yake. Pezani fulashi, mukopere foda yonse ya nyimboyo, osati kafayilo kamodzi ayi, foda yonse ndi zam'kati mwake. Fulashiyo isagone m'shopu. Ikakhale m'manja mwa akazi anu, ndipo pansipa ndikuuzani chifukwa chake.

Mukatero, tizidutswa tija tisiyeni. Musayese kutibwezera kamodzikamodzi, mudzakalamba musanamalize, ndipo akuluwo mudzawakwatitsa kanayi. Tsegulani ntchito yatsopano yopanda kanthu, muipatse dzina lina. M'foda muja muli foda ina yosungira mawu okhaokha. Atelala akuwerengereni madeti. Funani mafayilo awiri aakulu a tsiku limene apongozi anabwera, muwamvere kuti mutsimikize: ina ndi gitala, ina ndi mawu. Kokerani gitala pa mzere woyamba, mawu pa wachiwiri, zonse ziyambire pa ziro. Munanena nokha kuti tsiku lojambula munayang'ana katatu kuti pali pa ziro. Ngati ndi choncho, ziwirizi zigwirana zokha ngati zipi. Mverani poyamba, pakati ndi pothera kuti muone ngati zikufikira limodzi. Kabatani kosendeza kaja kazimitseni, ndipo musadzakayatsenso musanadziwe mizere imene kakukoka.

Mafayilowo akapanda kuoneka, musayambenso kudina apa ndi apo. Nyamulani laputopu mupite nayo kwa munthu wa situdiyo tsiku lomwelo. Mutu umodzi susenza denga, makamaka mutu umene wagona m'sekondi imodzi masabata atatu. Ndipo zikadzapezeka kuti zavutadi, apongozi akamve kwa inu Lamlungu lisanafike, muli awiri, osati pamaso pa alamu amene awononga tsiku pa ulendo.

Nyimbo ikabwerera, imvereni yonse pa sipika, mutaima pakhomo, manja ali m'matumba. Mahedifoni ndi kagalasi zikhale m'dirowa. Mayi wa makwaya uja akuti mpweya ukakhala waukulu kwambiri sauchotsa, amangoutsitsa pang'ono. Ine ndikukulolani malo atatu. Achinayi mukafunse chilolezo kwa akazi anu.

Tsopano ndikuuzeni mosapsatira. Mwalemba kuti munkaopa kuti akuluwo achita manyazi. Kodi anakuuzani iwo? Munthu amene anakumbatira gitala yokulungidwa thaulo pakati pa mawailesi akufa, n'kuseka atagwidwa bodza, si wamanyazi ameneyo. Amene sanathe kupirira kumva fyoo uja ndinu, chifukwa munkawamva akudwala ndipo munalibe sikuludiraiva yowakonzera. Zimenezo si zoipa, ndi chikondi. Koma iwo sanati konzani. Anati sungani. Aliyense amene adzakhale m'chipinda chija Lamlungu akudziwa kuti bambo awo anaimba nyimboyi khosi lili ndi chotupa, kutatsala masiku atatu. Mpweya umene munkausesawo ndi umene anaulimbanira kuti mzere uliwonse utuluke. Lero akupuma popanda nyimbo. Musawapatse nyimbo yopanda kupuma.

Akazi anu auzeni lero. Akudziwa kale kuti pali chimene chatseguka, akungodikira kuti munene chitseko chake. Mawuwo ndi a bambo awo, ndipo ali ndi gawo lalikulu kuposa lanu. Mwina akalipa. Alekeni akalipe, kenako muwapatse fulashi. Munthu amene wagwira fulashi m'manja sakalipa nthawi yaitali.

Nyimbo yothamanga ija musaitaye. Yeniyeni ikadzamveka, khosi likadzapola moti kuseka sikukuwapweteka, mudzawaululire akuluwo n'kuwaikira kuti aimve. Dalaivala wa zaka makumi atatu adzafuna kumva tsiku limene anasiya gitala yake pa siteji. Chokhacho chimene ndikukulolani kufufuta ndi mzere wachitatu, wa kupuma kwanu. Umenewo sesani ndi manja awiri, ndipo atelala muwagulire chakumwa chozizira.

Chenjezo langa ndi la Lamlungu lenilenilo. Ndikukudziwani. Nyimbo ikadzayamba, chala chanu chidzayamba kuyabwa. Mukadzangodina batani loyambitsa, dzakhalireni manja anu. Fyoo uja akadzafika, musadzayang'ane sikirini, mudzayang'ane mwini wake. Ndipo pa siteji ya basi paja musadzatsitse voliyumu ngakhale pang'ono. Amayi adikira nthawi yaitali kuti ana awo amve kuti diresi linali lofiira.

Aphungu